Ndinabatizidwa pa Pasaka koma mtima wauma, kodi ubatizo uja unagwira?

WakuMpondasi walemba:

Moni nonse abale ndi alongo. Ine nthawi zambiri ndimangowerenga zomwe anzanga mwalemba osayankhapo koma lero ndati ndilembe basi chifukwa nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Ndine mnyamata wa zaka 27, ndili pabanja mwana mmodzi, ndimakhala ku Mpondasi ndipo ntchito yanga ndi kabaza wa njinga yamoto, ena a pa boma pano mwina ndinakunyamulanipo kukuwolotsani pa mlatho wa Bakili Muluzi kupita tsidya.

Chaka chino pa Pasaka ndinabatizidwa mnyanja cha ku Makawa uko, tinalipo anthu 14. Sindinama, tsiku limenelo potuluka mmadzi ndinalira ngati mwana, thupi lonse linapepuka, ndinafika kunyumba nkutaya kachasu amene ndinabisa kuseri kwa bafa, ma app obetchera mpira ndinafufuta onse mufoni, madamu anga anachita kuimba nthungululu pakhomo mpaka aneba kutuluka. Epulo ndi Meyi zinthu zimayenda bwinobwino, mmamawa ndimadzuka 4 koloko kupemphera, Baibulo limachita kukoma ngati chambo chowotcha.

Kenako mu Juni eni njinga anailanda ati akufuna kupatsa mphwawo, ndinakhala masabata 6 manja lende, mwana anadwala malungo mpaka kugonekedwa, lendi ya nyumba miyezi iwiri osalipira. Njinga ina ndinaipeza koma mtima uja sunabwererenso. Pano ndikagwada mawu sabwera, ndimangomva kutentha kwa malata ndi kulira kwa udzudzu. Ndiye Loweruka lapitali ndinatsitsa kasitomala pafupi ndi bawa yomwe ndinkamwera kale, anzanga akale anandikodola, ndinati ndingowapatsa moni, mapeto ake ndinamwa. Sindinaledzere kwambiri koma kumwa kokha ndinamwa, ndipo chomwe chikundiopsa nchakuti unandikomera.

Mnzanga wina amene timaima naye pa siteji akuti aise ubatizo wako sunagwire, tiye kwathu akakubatizenso bwinobwino. Ndiye Lamulungu mlaliki anawerenga 1 Akorinto 10 pomwe Paulo akuti makolo aja onse anabatizidwa kwa Mose mumtambo ndi mnyanja, onse anadya chakudya chimodzi chauzimu, koma ambiri a iwo Mulungu sanakondwere nawo, anafera mchipululu. Ine kungomva zimenezo nkhongono zinandithera, ulaliki wotsalawo sindinaumvenso.

Ndiye ndikufunsa, kuwoloka nyanja kwa Aisraeli kuja kukukhala ubatizo bwanji poti iwo anayenda pouma? Nanga ngati anthu oona zozizwa ndi maso awo anathera mumchenga, ine wongomva nkhani ndili pati? Ndikabatizidwenso kapena? Chonde ndithandizeni mwachikondi, kunyoza kokha ndadzinyoza kale ndekha.

Agogo a Chisomo ayankha:

Mwana wanga, zikomo polemba mosabisa. Ine ndine nkhalamba, mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo wa CCAP kuno ku Monkey Bay, foniyi anandigulira ndi mdzukulu ndiye ndimalemba ndi chala chimodzi koma ndilemba zambiri, upirire nane.

Tenga Baibulo lako utsegule Eksodo 14 ndi 15, usatole vesi imodzi yokha ayi, werenga mitu yonse iwiri mondondoza. Anthu aja anali atapanikizidwa, kutsogolo nyanja kumbuyo Farao ndi magaleta 600 osankhika kuphatikizapo ena onse a mu Aigupto. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzipulumutsa. Mose anangoti musaope, Yehova adzakugwirirani nkhondo ndipo inu mudzakhala chete, mphepo ya kummawa inaomba usiku wonse madzi nkugawikana. Tsopano iwe ukufunsa kuti ubatizo uli pati poti sananyowe. Ubatizo wake uli pa ntchito imene madziwo anagwira. Madzi aja anatsegukira akapolo, madzi omwewo nkutsekera mbuye wawo wakale. Analowa mnyanja ali katundu wa Farao, anatulukira tsidya lina ali anthu a Mulungu otsata Mose, nchifukwa chake Paulo akuti anabatizidwa kwa Mose. Iwenso Aroma 6:3-4 akukuuza kuti unaikidwa mmanda pamodzi ndi Khristu mu ubatizo kuti uyende mmoyo watsopano. Chomwe chinamira tsiku lija ku Makawa ndi umwini wa mbuye wako wakale pa iwe. Eksodo 14:30 akuti Aisraeli anaona Aaigupto atafa mmphepete mwa nyanja, iwe ndi ine tikudziwa mmene nyanja imalavulira zinthu pamchenga kukacha mwera utaomba usiku, anawaona ndi maso kuti uyu amene ankatikwapula uja sadzukanso.

Ndiye mutu 15 akuimba. Miriamu watenga lingaka, amayi onse pambuyo pake kuvina, ameneyo ndiye Epulo ndi Meyi wako uja. Koma pitiriza pa vesi 22. Anayenda masiku atatu mchipululu cha Suri osapeza madzi, atawapeza pa Mara anali owawa osamweka. Masiku atatu okha mwana wanga, nyimbo ikadali pakamwa. Kodi pamenepo tinene kuti kuwoloka kuja sikunagwire? Iwo anafika pa Mara chifukwa choti anawoloka, munthu amene adakali ku Aigupto kuumba njerwa madzi a pa Mara sawalawa. Ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga sindinapezepo pomwe Mulungu anati anthu awa ang'ung'udza, Mose bwerera nawo ukawaolotsenso. Anachimwa kambirimbiri, mwana wang'ombe wagolide wa pa Eksodo 32 ali pomwepo, koma nyanja ija anaiwoloka kamodzi. Akachimwa chomwe chinkachitika ndi chilango, kulapa, Mose kuwapembedzera, nkunyamukanso ulendo kuyambira pomwe agwerapo.

Chomwe chimandigwira mtima ine nchakuti Ambuye Yesu mwini wake anadutsa njira yomweyi. Werenga Marko 1:9-13. Wangotuluka mu Yordano, mawu amveka kumwamba kuti ndiwe Mwana wanga wokondedwa, nthawi yomweyo Mzimu akumupititsa kuchipululu masiku 40 kukayesedwa ndi Satana. Palibe anganene kuti ubatizo wakewo unalephera. Ndipo mayankho onse atatu amene anampatsa woyesa uja pa Mateyu 4 anawatenga mu Deuteronomo, mutu 8 ndi mutu 6, mawu amene Mose anauza anthu a mchipululu omwewo. Pomwe Israeli anagwa kwa zaka 40 Iye anaima, ndipo iwe sunabatizidwe kwa Mose ayi, unabatizidwa mwa Ameneyo.

Za mowa kukukomera zandikumbutsa Numeri 11:5, vesi imene ife a ku Mangochi tiyenera kuimvetsa kuposa wina aliyense. Atatopa ndi mana anayamba kulira kuti tikukumbukira nsomba zomwe tinkadya zaulere ku Aigupto, ndi nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo. Ine ndinaphunzitsako zaka 9 ku Dedza kumapiri uko ndipo ndikudziwa mmene mtima wa munthu wa kunyanja umalirira utaka wa lero ukamadya nyemba sabata yonse. Anthu aja sanama kuti nsomba inkakoma. Bodza linali pa mawu oti zaulere, anaiwala chikoti, anaiwala ana awo aamuna amene Farao analamula kuti aziponyedwa mumtsinje. Kachasu wako uja naye sanali waulere, funsa mayi a kunyumba akuuza mtengo wake.

Usakabatizidwenso. Pita kwa abusa ako amene anakumiza mmadzi aja ukawauze zomwe watilembera panozi, mawu omwewa osachotsera.

Mbale Yoswa wa ku Chimwala ayankha:

Agogo mwafotokoza bwino ndipo ndimakulemekezani, koma ine ndikuopa kuti mbale wathuyu tingamusisite kwambiri mpaka kugona. Paulo sanalembe mutu 10 uja kuti atonthoze anthu a ku Korinto ayi, analemba kuti awadzidzimutse, chifukwa iwo ankati ife tinabatizidwa, mgonero timadya, ndiye palibe vuto kukakhala nawo pa maphwando a mafano. Taonani mmene akubwerezera mawu oti onse, onse anali pansi pa mtambo, onse anawoloka, onse anabatizidwa, onse anadya, onse anamwa, kasanu konse, kenako nkudzati koma ambiri a iwo. Pa Numeri 1:46 amuna owerengedwa a zaka 20 kupita mtsogolo analipo 603,550 ndipo mwa amenewo olowa mu Kanani anali Yoswa ndi Kalebe basi. Awiri abale anga. Deuteronomo 1:2 akuti kuchoka pa Horebu kufika ku Kadesi Barinea ndi ulendo wa masiku 11, koma anthu anazungulira zaka 40 chifukwa cha kusakhulupirira, azondi 12 anapita, 10 anabwera ndi mbiri yoipa, anthu mpaka kumauzana kuti tiyeni tisankhe mtsogoleri tibwerere ku Aigupto.

Simoni wamatsenga uja wa pa Machitidwe 8 naye anabatizidwa ndithu, koma Petro anamuuza pamaso kuti mtima wako suli wolunjika pamaso pa Mulungu. Madzi okha sasintha munthu, tawaona ambiri obatizidwa mnyanja yomweyi lero ndi amene akutsegulira mabawa mmamawa. Musaiwale kuti Paulo akutchula ziwiri, nyanja ndi mtambo. Nyanja anaiwoloka usiku umodzi nkuisiya kumbuyo koma mtambo unali wa tsiku ndi tsiku, Numeri 9 akuti ukanyamuka iwo amanyamuka, ukaima kaya masiku awiri kaya mwezi kaya chaka iwo amaima pomwepo. Kwa ine mtambo umenewo ndi Mzimu Woyera. Ndiye achimwene ine sindikufunsani ngati munanyowa mokwanira, ndikufunsani kuti Loweruka lija anzanu akukukodolani, mtambo unali utaloza ku bawa? Munamva mumtima kuti chokapo apa, musakane. Mantha amene anakugwirani mtchalitchi aja musawathamangitse msanga, ndi abwino amenewo. Iye wakuyesa kuti ali chilili ayang'anire kuti angagwe, vesi 12.

Za kubatizidwanso ine sindikukakamizani, koma kusala kudya ndi kupemphera kokha ndiye yambani.

Nachisale wa ku Namwera ayankha:

A Yoswa mwaima pa vesi 12, bwanji osamaliza ndi 13? Pomwe akuti Mulungu ndi wokhulupirika, sadzalola kuti muyesedwe kopitirira mphamvu zanu ndipo pamodzi ndi chiyesocho adzaikanso populumukira. Mavesi awiriwa ndi mapasa, musabereke mmodzi wina nkumusiya pansi.

Achimwene a ku Mpondasi, ine ndine mayi wa Chikatolika, ndimaphunzitsa katekisimu ana ndi akulu okonzekera ubatizo kuno kwathu. Ife nkhani iyi sitimangoiwerenga mkalasi, timaiona ndi maso chaka chilichonse usiku wa Loweruka Loyera. Timakoleza moto panja kuli mdima, amayatsa kandulo yayikulu ya Pasaka nkutsogola ife tonse pambuyo kulowa mtchalitchi mopanda nyale, zimatikumbutsa moto uja unkawatsogolera usiku. Mawerengo a Chipangano Chakale usiku umenewo alipo 7, pakakhala chifukwa ena amatha kuwasiya koma la Eksodo 14 lokha silisiyidwa, lamulo lake ndi lomwelo dziko lonse lapansi. Likatha timaimba nyimbo ya Mose ija, kenako ansembe amadalitsa madzi ndipo mpemphero lodalitsiralo amatchula ana a Abrahamu owoloka Nyanja Yofiira pouma ngati chithunzi cha anthu obatizidwa, ndiye akatekumeni amabatizidwa usiku womwewo. Tsono chomwe ndikufuna mumve ndi ichi, ife obatizidwa kale sitibatizidwanso. Timaima ndi makandulo mmanja, ansembe amafunsa ngati tikukana Satana ndi ntchito zake zonse, ife nkuvomera kuti tikumukana, chaka ndi chaka mpaka tsiku lotiika mmanda. Ubatizo ndi umodzi, Aefeso 4:5, koma kukana kuja nkobwereza. Inuyo Loweruka munalephera kukana, kanani lero.

Koma ine makamaka ndimafuna ndilankhule za kuuma kwa pemphero chifukwa pamenepo ndi pomwe ndinadutsa. Bambo a kunyumba kwathu anapita ku Joni mu 2016 monga amapitira amuna ambiri a kuno, chaka choyamba ankatumiza, kenako foni zii mpaka lero. Anandisiyira ana atatu. Panadutsa chaka ndi miyezi ndikupita ku misa thupi lokha, korona ndikupemphera koma ngati ndikutong'ola chimanga, osamva kalikonse. Chomwe chinandigwira dzanja ndi nkhani ya mana pa Eksodo 16. Dzina lakelo linachokera pa funso loti nchiyani ichi, chifukwa sichinkaoneka ngati chakudya chomwe ankachiyembekezera, tinthu ting'onoting'ono toyera totsala pansi mame akauma. Aliyense ankatola muyeso wa tsiku lomwelo, wosunga za mawa ankapeza mphutsi ndi fungo, kupatula tsiku lachisanu ndi chimodzi pomwe ankatola za masiku awiri chifukwa cha Sabata. Dzuwa likatentha ankasungunuka ndiye kunali kolawirira. Achimwene, mwina inu mukufuna kudya mana a mu Epulo mu Okutobala muno. Kukoma kuja kunali kwa nthawi yake ndipo kunagwira ntchito yake. A lero ndi ena ndipo mwina sakukoma, Aisraeli eni ake pa Numeri 21:5 anafika powatcha chakudya chachabechabe, koma ndi omwewo anawasunga amoyo zaka 40 mpaka pa Yoswa 5:12 pomwe analeka kugwa anthu atadya za mdziko la Kanani. Pa Yohane 6 Yesu akuti mkate wotsika kumwamba ndi Iye, ife timamulandira mu Ukaristia, inu kwanuko mgonero, musauthawe chifukwa cha manyazi, lapani mupite.

Ine nthawi imeneyo ndinkangokwanitsa Atate Athu mmodzi mmamawa, ndikafika pa mawu opempha chakudya chathu chalero ndinkaima kaye, kenako nkusenza dengu la tomato ndi mandasi ulendo kumsika. Woyamba kubadwa uja chaka chino walemba mayeso a Fomu 4.

Mayi a kunyumba kwanu mwawauza za Loweruka? Ngati simunawauze auzeni, amene anaimba nthungululu aja ndi amene akuyenda nanu mchipululumu, ife a pa foni tili kutali.

Mbale Yoswa wa ku Chimwala ayankha:

Mayi mwanena zoona, vesi 13 ndinaisiya ndipo sindinayenere kuisiya. Koma populumukirapo munthu amachita kudutsapo ndi miyendo yake, sipamabwera kudzakunyamula. Pa zinazo ndagwirizana nanu.

Mtsikana wa Kwaya afunsa:

Pepani ndilowerere pang'ono, nanga ife amene tinabatizidwa tili makanda mothiridwa madzi pamutu nkhaniyi ikutikhudza? Kusukulu anzanga amandinena kuti ubatizo wanga si weniweni ndiye zimandipweteka.

Agogo a Chisomo ayankha:

Mdzukulu wanga, pa nkhani imeneyo mipingo yakhala ikusiyana kwa zaka mazanamazana sitingaimalize lero, komanso sindikufuna tisokoneze mbale wathuyu. Ndingokuuza mmene ife timaonera. Pa Eksodo 10:9 Mose anauza Farao kuti tipita ndi ana athu ndi okalamba athu, ndiye kuti pakati pa nyanja paja panali makanda kumsana kwa amayi awo osadziwa kanthu, nawonso ali mkati mwa mawu a Paulo oti onse, ndipo anawo ndi amene anadzalowa mdziko. Abale athu a Baptist ndi a Pentekoste amati munthu ayambe wakhulupirira kenako abatizidwe, nawo ali ndi mavesi awo olemera ndipo ndi abale athu ndithu. Udzafunse payokha tidzakambirane mofatsa.

Msodzi wa ku Msaka ayankha:

Achimwene muli bwanji. Ine sukulu sindinapite nayo patali ndiye zozama ndiwasiyira agogo, ine ndi msodzi, timakoka chilimira kuno ku Msaka. Ndinabadwira mbanja la Chisilamu, nkhani ya Musa ndi Firauni ndinaimva ndili mwana ku madrasa ndisanagwireko Baibulo, ndipo mpaka lero ndikakhala pakhonde ndi ankolo anga ashehe nkhani imeneyi timacheza bwinobwino osakangana, tonse timavomereza kuti Mulungu anamiza wodzikuza napulumutsa akapolo. Ndinabatizidwa mu 2011, chipululu changa chinali chakuti abale ena anasiya kudya nane mbale imodzi kwa zaka zingapo, pano tinagwirizananso timayenderana pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Chomwe ndikufuna kunena nchakuti amene sanagonepo panyanja usiku Eksodo 14 amangoimva ngati nthano. Ife timanyamuka madzulo ndi nyali kukafuna usipa, mwera ukakupezani pakati mu Juni kapena Julaye mafunde amachita kuima ngati zulu, boti limalira matabwa onse, aliyense amaitana Mulungu mmene amadziwira, ndipo ukaponda mchenga mmamawa umalumbira kuti ine basi ndasintha. Koma ndikuuzeni zoona, anzanga ambiri amene ndawaika mmanda sanafere panyanja, anathera padoko ndalama ya usipa ili mthumba, mowa, akazi, njuga, matenda. Anthu amene mwera unawalephera. Ndiye zoti Aisraeli anapulumuka panyanja nkukafera kumtunda ine sizindidabwitsa mpang'ono pomwe, pa Numeri 25 paja anthu 24,000 anatha ndi mliri chifukwa cha chigololo ndi maphwando a Baala Peori, atatsala pang'ono kulowa, Yordano ali apo.

Nanenso ndinagwapo osati kamodzi. Nkhani yomwe inandidzutsa ndi ya njoka yamkuwa pa Numeri 21. Anthu alumidwa kale ululu uli mthupi, Mulungu sanati bwererani kunyanja mukasambe, anauza Mose kuti apachike njoka yamkuwa pamtengo ndipo wolumidwa aliyense akaiyang'ana akhale moyo. Yesu pa Yohane 3:14 akuti momwemonso Mwana wa Munthu ayenera kukwezedwa. Inu masiku onsewa kuyambira Loweruka mwakhala mukuyang'ana bala, tadzutsani mutu.

Chinanso cha nzeru chabe. Pa Eksodo 13:17 akuti Mulungu sanawadutsitse njira yachidule ya kwa Afilisti poopa kuti akaona nkhondo abwerera ku Aigupto, anawazungulitsa dala. Ngati Mulungu amene anazungulitsa anthu ake, inu ndi miyezi 6 yokha mukadutsirenji pakhomo pa bawa? Kasitomala wopita kumeneko mpatseni mnzanu, bola kuluza 1,000 kwacha. Ine ndalama ya nsomba sindigwira, amalandira ndi mayi a ana padoko pomwepo, anzanga amati anandidyetsa khuzumule koma ana akudya ndipo nyumba ya malata ndamanga.

WakuMpondasi walembanso:

Abale zikomo kwambiri, zonse ndawerenga kangapo. Agogo, Eksodo 14 mpaka 17 ndinawerenga usiku wa Lachitatu ndi tochi ya foni magetsi atazima, pa Mara paja ndinaima nthawi yayitali, kenako ndinadzaona kuti vesi yomaliza ya mutu womwewo afika pa Elimu pa akasupe 12 ndi mitengo ya kanjedza 70. Sindinkadziwa kuti zili mmutu umodzi. A Yoswa mawu anu anandilasa koma ndi oona, ndinamva ndithu kuti chokapo apa ndipo njinga ndinachita kuzimitsa dala. Mayi Nachisale, madamu ndawauza. Anali akudziwa kale, ati fungo analimva usiku womwewo koma amadikira aone ngati ndinene ndekha. Analira, nane ndinalira, pano ndalama ya tsiku ndikumafikira kupereka kwa iwo ngati mmene anenera achimwene a ku Msaka. Kwa abusa ndinapita dzulo, sanandikalipire, anati za kubatizidwanso ndiiwale ndipo andipatsa bambo wina wachikulire wa mumpingo woti tizikumana Lachisanu lililonse madzulo. Siteji ndasintha, pano ndikuima cha kuchipatala.

Pemphero likadali louma ndisaname. Koma 4 koloko ija ndayambiranso kudzuka.

Pali chimodzi chomwe chikundivutabe. Ndapitiriza kuwerenga mpaka ndapeza kuti Mose mwini wakeyo sanalowe mdziko. Munthu amene anatambasula dzanja panyanja, anapirira anthu aja zaka 40, anawapempherera Mulungu atafuna kuwatha. Ngati iyeyo anatsala panja pa cholakwa chimodzi, mantha aja akumandibwereranso.

Agogo a Chisomo ayankha:

Mwana wanga wanditsitsimutsa mtima. Za Mose zili pa Numeri 20, pa madzi a Meriba, Mulungu anati lankhula ndi thanthwe iye mwaukali nkulimenya kawiri ndi ndodo, ndipo chilango chake chinali chenicheni sitingachichepetse. Anakwera phiri la Nebo ali ndi zaka 120, dziko analiona ndi maso, nafera ku Moabu komweko. Koma werenga Deuteronomo 34 uone amene anamuika mmanda, ndi Yehova mwini. Ndipo ukatsegula Mateyu 17 umupeza Mose yemweyo ali paphiri pamodzi ndi Eliya akulankhula ndi Yesu. Luka 9:31 akuti ankakambirana za kumuka kwake kumene Yesu anali pafupi kukakwaniritsa ku Yerusalemu, ndipo mawu a Chigiriki pamenepo ndi eksodo, omwewo a dzina la buku lomwe unawerenga ndi tochi lija. Munthu wotayidwa sangapezeke pamenepo. Amene anadzawolotsa anthu pa Yordano ndi Yoswa, dzina lomwe mChigiriki ndi limodzi ndi la Yesu. Komanso bwerera ku mutu womwe unakuopsa uja, 1 Akorinto 10 vesi 4, Paulo akuti ankamwa mthanthwe lauzimu lomwe linkawatsata ndipo thanthwelo ndi Khristu. Linkatsata anthu ong'ung'udza omwewo.

Kuseri kwa mapiri athuwa ku Cape Maclear amishoni a Livingstonia anafika mu 1875 ndi sitima ya Ilala, nthawi imeneyo akapolo enieni omangidwa magoli ankadutsa kwa Mponda komwe ukukhala iweko ulendo wa kunyanja ya mchere. Anakhala zaka zoposa zisanu osabatiza munthu, anzawo akufa ndi malungo, mpaka mu Marichi 1881 pomwe Dr Robert Laws anabatiza Albert Namalambe, woyamba. Chaka chomwecho mishoni inasamukira ku Bandawe ndipo Namalambe anatsala ku Cape Maclear kuyang'anira ntchito. Ndimamuganizira kawirikawiri munthu ameneyo, wangobatizidwa kumene aphunzitsi ake akukwera sitima. Manda a amishoni aja alipobe, ukadzabwera kuno ndidzakuonetsa.

Lolemba likubwerali ndikubwera ku boma kudzatenga mankhwala a BP, minibasi imanditsitsa cha mma 9. Poti wati ukuima cha kuchipatala komweko, ukadzaona nkhalamba ya chipewa chakuda ndi ndodo ikuyang'anayang'ana a kabaza ndi ineyo, udzanditengere kumsika ndikagule mbewu ya chimanga mvula isanagwe. Uyambe wawerenga Ahebri 3 ndi 4, tidzakambirana mnjira.